Foni ya pa intaneti kunyumba: kampani yabwino ndi iti?

Funso: Kunyumba tili ndi foni ya waya yomwe takhala nayo zaka zambiri, ndipo amene amaigwiritsa ntchito kwambiri ndi amayi anga, omwe ndi achikulire. Foni ya m'manja saifuna, amati imawasokoneza. Tsopano popeza tili ndi intaneti, ndikufuna foniyo iziyendera pa intanetipo. Makampani ndaona ambiri, aliyense akuti ndi wotchipa ndipo mawu ake ndi omveka bwino. Achimwene anga ali kunja, ndipo amayi amawaimbira sabata iliyonse. Ndisankhe bwanji?

Yankho: Mayi, kampani yokomera aliyense kulibe. Munthu akakutchulirani dzina limodzi asanakufunseni za intaneti yanu ndiponso kumene amayi amaimbira, dziwani kuti ameneyo akutsatsa malonda. Makampaniwa amasiyana pa zinthu zimene sazilemba ndi zilembo zikuluzikulu: njira imene mawu amadutsa akachoka m'manja mwawo, chimene chimachitika magetsi akazima, ndi mwini wake wa nambala tsiku limene mwafuna kuchoka. Mtengo wa pamwezi muuyang'ane mutathana ndi zimenezi.

Mwachita bwino kunena kuti amayi safuna foni ya m'manja, chifukwa zimenezi zachotsa kale WhatsApp ndi Signal pa nkhani yathu. Nawonso ndi foni ya pa intaneti ndithu, koma amalumikiza anthu okhawo amene onse awiri ali ndi pulogalamuyo, ndipo simungaimbire nawo dokotala amene ali ndi foni ya waya. Chimene inu mukufuna ndi nambala yeniyeni yoti aliyense angathe kuimba, ndi foni yolira pathebulo yomwe amayi akainyamula azimva kaphokoso kaja kosonyeza kuti laini ilipo.

Amene angakupatseni zoterezi alipo a mitundu itatu. Oyamba ndi omwewo amene amakupatsani intaneti. Suzumirani kumbuyo kwa rauta yanu; ngati pali kabowo kolembedwa Phone kapena Tel, n'kutheka kuti kampaniyo imaperekanso foni, ndipo inu mungolumikiza foni yakale ija pamenepo. Ubwino wake ndi wakuti mawu amayenda mu netiweki ya kampani imodzi, imene kawirikawiri imawapatsa mpata woyamba, ndipo zinthu zikavuta muli ndi khomo limodzi lokadandaula. Palibe zoti a foni aziloza chala a intaneti, a intaneti n'kumalozanso a foni. Kuipa kwake, foniyo imakhala yomangirira ku intanetiyo, moti mukasintha chimodzi mwasintha zonse, komanso mitengo yawo yoimbira kunja nthawi zambiri si yotsika.

Achiwiri ndi makampani amene amakugulitsani kabokosi kawokawo, kokonzeratu. Mayina amene mwina mwakumana nawo ndi Vonage, yomwe inayamba mu 2001, Ooma ya mu 2004, ndi magicJack yomwe inatulukira mu 2007. Onsewa msika wawo waukulu ndi United States ndi Canada, ndipo nambala zawo zambiri ndi za kumeneko, choncho musanataye nthawi powayerekezera onani kaye ngati amapereka nambala ya dziko limene mukukhala. Kalipiridwe kawo n'kosiyana. Ooma mumagula kabokosi kamodzi n'kamodzi, kenako pa mlingo wake wotsika mumalipira misonkho ndi tindalama ta pamwezi basi. magicJack amalipiritsa pachaka. Vonage ndi ya pamwezi, ndipo mu 2022 inagulidwa ndi Ericsson. Masiku ano maso ake ali kwambiri pa mabizinesi kusiyana ndi m'makomo. Kabokosi ka gulu limeneli n'kosavuta kulumikiza, koma kamakhala kokhoma: mukasiya kampaniyo, kabokosiko ntchito yake yathera pomwepo.

Achitatu ndi amene amakupatsani nambala, dzina lolowera ndi pasiwedi zokha, chipangizo n'kukhala chanu. Amagwiritsa ntchito SIP, njira yolumikizira mafoni imene aliyense ali ndi ufulu woigwiritsa ntchito, ndipo malamulo ake amene akutsatidwa lero analembedwa mu 2002. Mumagula kabokosi kotchedwa ATA, monga Grandstream HT801, mbali ina n'kulumikiza ku rauta, mbali ina foni yakale. Apa ndi pamene pamakhala mitengo yotsika ndi ufulu wochuluka, pakuti kampani ikakugwiritsani fuwa la moto mumangofufuta zimene munalemba m'kabokosimo n'kulemba za kampani ina. Koma pamafunika munthu m'banjamo amene saopa kulowa m'masetingi. Ngati munthuyo ndi inu ndipo mumakhala kutali ndi amayi, ganizirani bwino, chifukwa tsiku limene foni yakana kulira woitanidwa mudzakhala inu.

Tsopano za intaneti yanu, pakuti madandaulo ambiri amene anthu amaunjikira makampani a foni amachokera m'nyumba mwawo momwe. Foni siidya data yambiri. Pali njira zingapo zosandutsira mawu kukhala data: G.711, yomwe imamveka ngati foni ya waya, imafuna 64 kbps (kbps ndi muyeso wa kuchuluka kwa data yodutsa pa sekondi), ndipo mukaphatikiza zokutira zake zimafika pafupifupi 87 kbps mbali iliyonse. G.729 imafinya mawu mpaka 8 kbps koma amamveka owuma. G.722 ndi Opus zimatulutsa mawu omveka bwino kuposa foni ya waya, malinga mbali zonse ziwiri zikhale zikuzidziwa. Pa G.711, ola lathunthu lakucheza limadya pafupifupi 80 MB, kupita ndi kubwera komwe. Ndiye liwiro limene makampani a intaneti amadzitama nalo lilibe ntchito kwenikweni pano.

Chimene foni imafuna ndi kusachedwa komanso kusasinthasintha. Mawu amadulidwa tizidutswa, kalikonse ka 20 ms (1,000 ms ndi sekondi imodzi), kutanthauza tizidutswa 50 pa sekondi, ndipo tonse tiyenera kufika m'nthawi yake. Kanema akachedwa amadikira pang'ono n'kupitiriza, koma kachidutswa ka mawu kakachedwa kamangotayidwa, n'chifukwa chake mumamva munthu akuduladula. Bungwe la ITU, loona za mafoni ndi mauthenga padziko lonse, pa mlingo wake wa G.114, limati kucheza kumayenda bwino ngati mawu akutenga nthawi yosapitirira 150 ms kuchoka pakamwa kufika kukhutu. Zikapitirira kwambiri pamenepo, oyankhulana amakhala ngati anthu awiri okumana pa khomo lopapatiza, aliyense akuti pitani, kenako onse n'kulowera limodzi. Achikulire zimenezi zimawatopetsa msanga, ena amaganiza kuti mwana wawo akuwadula mawu mwadala. Amisiri ambiri amafunanso kuti kusinthasintha kwa nthawi yofikira, kumene amakutcha jitter, kusapitirire 30 ms, ndipo tizidutswa totayika tisafike 1 pa 100 tilitonse.

Manambala amenewa mungathe kuwayeza nokha ndi mawebusaiti oyezera intaneti, koma muyeze pa nthawi yoyenera. Yezani madzulo pamene aliyense ali pa intaneti, ndipo muyeze wina m'nyumbamo akutumiza zithunzi kapena kanema. Rauta zambiri zimaunjika data yotuluka pamzere wautali, mawu a amayi n'kukaima kumbuyo kwa kanema wa mdzukulu. Mankhwala ake ali mu rauta momwemo, pa gawo lotchedwa QoS kapena SQM, limene limalola mawu kudutsa patsogolo. Kabokosi ka foni mukalumikize ndi waya, osati pa Wi-Fi. Ngati intaneti yanu ndi ya setilaiti zakale zija zokhala pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, kuchedwa kwake kumaposa theka la sekondi kupita ndi kubwera, ndipo palibe kampani ya foni ingakonze zimenezo. Setilaiti zapafupi ngati za Starlink, zomwe zimazungulira pamtunda wa makilomita mazana angapo chabe, vuto limeneli zilibe.

Pali kachinthu kena kamene kamazunguza anthu mutu. Foni imalira bwinobwino koma mmodzi yekha ndi amene akumva mnzake, kapena imaduka yokha pakangotha masekondi pafupifupi 30. Nthawi zambiri wolakwa ndi SIP ALG, kachipangizo ka mu rauta kamene anakaikamo kuti kazithandiza koma kamasokoneza. Kathimitseni. Ndipo ngati intaneti yanu ndi ya rauta ya simu khadi, yesani kwambiri mafoni obwera, chifukwa pa netiweki zotere anthu ambiri amagawana adiresi imodzi, ndipo njira yobwererera kwa inu imatha kutsekeka foni ikakhala duu. Inu kuimba mumaimba, koma ofuna kukuimbirani sakupezani, ndipo mungathe masiku osadziwa. Kampani yodziwa ntchito idzakuuzani masetingi othetsera zimenezi osachita kuikakamiza.

Tibwere kwa achimwene. Apa ndi pamene makampani amasiyana zenizeni, ndipo ndi pamene mndandanda wa mitengo umanamiza kwambiri. Kampani yanu siifikitsa yokha foni kunja. Imagula njira kwa makampani ena, iwonso n'kugula kwa ena. Njira yolunjika ndi yodula, chifukwa kampani ya m'dziko limene foni ikugwera imalipiritsa polandira, makamaka ikagwera pa foni ya m'manja. Ndiye pali njira zachidule zimene ena amagula kuti mtengo utsike. Ina mwa izo ndi makina odzaza masimu khadi, amene amatenga foni yochokera kunja n'kuilowetsa m'dzikomo ngati yochokera konko. Zizindikiro zake n'zodziwika: foni imatenga nthawi yaitali isanayambe kulira, mawu amamveka ngati a m'chitini, ndipo wolandira amaona nambala yachilendo m'malo mwa yanu. Achimwene akaona nambala yosaidziwa mwina sayankha n'komwe, amayi n'kumadandaula kuti mwana wawaiwala.

Choncho musayang'ane mtengo wa mayiko ambiri amene awalemba patsogolo. Funani mtengo wa dziko limene achimwene ali, ndipo muone mizere iwiri, wa foni ya waya ndi wa foni ya m'manja, poti kusiyana kwake kumatha kukhala kwakukulu. Funsani ngati amawerengera pa sekondi kapena pa mphindi yathunthu. Pa kawerengedwe kachiwirika, kuyankhula masekondi 61 kumalipidwa ngati mphindi 2. Funsaninso ngati pali ndalama yapadera yolipira foni ikangoyankhidwa, ndiponso ngati mayunitsi amene mwagula amatha ntchito pakapita miyezi. Mawu akuti "zopanda malire" muwakayikire, pakuti pafupifupi nthawi zonse pansi pake pamakhala lamulo loti musapyole muyeso umene iwo akuona kuti ndi wa pakhomo, ndipo nthawi zambiri mafoni a m'manja a mayiko ambiri sakhalamo. Mtengo ukakhala wotsika kwambiri kuposa wa ena onse, dzifunseni kuti adula pati.

Pali nzeru ina imene anthu saiganizira. Makampani ambiri a gulu lachitatu lija amagulitsa nambala za mayiko osiyanasiyana. Mungathe kukhala ndi nambala ya dziko limene achimwene ali, yolira pathebulo la amayi, moti achimwenewo akamaimba amalipira ngati akuimbira mnansi wawo. Mayiko ena amafuna umboni wa adiresi ya konko asanapereke nambala yotere, ndipo ena, monga United Arab Emirates, amatchinga mafoni ambiri a pa intaneti, ndiye fufuzani za dzikolo musanalipire.

Nkhani imene ndikufuna muiike patsogolo pa zonse, popeza tikukamba za munthu wachikulire, ndi ya magetsi ndi ngozi. Foni ya waya ija imalandira mphamvu yake kuchokera kwa kampani, mavoti pafupifupi 48 odutsa m'waya womwewo, n'chifukwa chake imalira ngakhale nyumba yonse ili mumdima. Foni ya pa intaneti mphamvu imeneyo ilibe. Magetsi akazima, rauta yazima, kabokosi kazima, ndipo ngati muli pa faiba, kachipangizo ka pakhoma kamene faibayo imalowamo nakonso kazima. Zonsezi zimafuna batire, kuphatikizapo tsinde la foni ngati ndi ija yoyenda nayo m'nyumba. Mwamwayi zipangizozi sizidya moto wambiri, ndipo batire yosungira magetsi yotchedwa UPS yaing'ono imazisunga kwa maola ndithu. Ku Britain, kumene mafoni akale a waya akuyembekezeka kuthimitsidwa pofika Januwale 2027, bungwe loyang'anira za mafoni la Ofcom linalamula kuti amene amadalira foni ya m'nyumba apatsidwe njira yoimbira pa ngozi kwa ola limodzi kapena kuposerapo magetsi akazima. Ola limodzi ndi lochepa, koma likusonyezani kuti nkhaniyi si yamasewera. Funsani kampani iliyonse chimene imapereka pa mbali imeneyi, ndiponso ngati ingathe kukhotetsera mafoni obwera ku nambala yanu ya m'manja kabokosi kakazima.

Nambala za ngozi nazo ndi mutu pazokha. Foni ya waya imadziwika pamene ili, koma kabokosi ka intaneti mungakanyamule kupita nako kulikonse, ndiye olandira foni ya ngozi amadalira adiresi imene munalembetsa. Ku United States, bungwe loyang'anira za mafoni la FCC linalamula mu 2005 kuti makampani olumikizana ndi mafoni wamba azifikitsa mafoni a 911, nambala ya ngozi ya kumeneko, pamodzi ndi adiresi yolembetsayo. Mayiko ena ali ndi malamulo awo, ndipo mautumiki ena salumikiza nambala za ngozi n'komwe: WhatsApp siitero, ndipo Google Voice ya munthu payekha siiteronso. Kampani imene ili kunja kwa dziko lanu mwina singathe kufikitsa foni kwa apolisi kapena ambulansi ya kwanuko. Funsani mosapita m'mbali, ndipo yankho likhale lolembedwa. Likakhala lozungulira, kampani imeneyo ingakhale yabwino kuimbira achimwene, koma isakhale foni yokhayo m'nyumba ya amayi. Ngati amavala kabatani koitanira thandizo, kapena nyumbayo ili ndi alamu yoimba yokha, funsani amene anaika zipangizozo musanadule waya wakale, pakuti zambiri zakale sizigwira bwino ntchito pa intaneti.

Ndiye pali nambala. Anzawo a amayi anailoweza pamtima, ndipo ena mwa iwo sadzaphunziranso ina. M'mayiko ambiri lamulo limalola kusamuka ndi nambala yanu, koma si kampani iliyonse imene ingalandire nambala iliyonse, choncho apatseni nambalayo aione musanasaine kalikonse. Chachikulu, musatseke laini yakale nokha. Pemphani kampani yatsopano kuti isamutse nambalayo, yakaleyo idzatsekeka yokha kusamukako kukatha. Mukaitseka msanga nambala imabwerera kwa eni ake, ndipo kuipezanso kumavuta. Funsaninso za potuluka: kodi mukadzafuna kuchoka adzakulolani kupita nayo, ndipo adzakulipiritsani? Makampani amatha. Skype, yomwe inayamba mu 2003 n'kugulidwa ndi Microsoft mu 2011, inali dzina limene aliyense ankalidziwa, koma mu Meyi 2025 inatsekedwa, ndipo amene ankaidalira poimbira mafoni wamba anayamba kusakasaka kwina. Dziwaninso kuti mabanki ena amakana kutumiza manambala achinsinsi ku nambala za pa intaneti.

Za chitetezo ndingonena mwachidule. Akuba amasaka maakaunti a SIP okhala ndi pasiwedi yofooka, n'kuimbira nawo nambala zodula za kunja usiku wonse, bilu n'kugwera mwini wake. Ikani pasiwedi yaitali, sinthani imene inabwera ndi kabokosi, tsekani mayiko onse amene simuimbirako, ndipo ngati n'kotheka sankhani zolipiriratu kuti wakuba asabe zoposa zimene mwaikamo. Kampani imene imalola TLS ndi SRTP, zomwe zimabisa zokambirana zanu panjira, ndi yoyenera kuiganizira. Kwa achikulire, chida chotchingira mafoni a anthu achinyengo n'chofunika kuposa zokometsera zina zonse zimene amazilemba pa mndandanda.

Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi kampani ya intaneti yanu yomweyo, kuifunsa ngati ingasamutse nambala ya amayi, ngati imafikitsa mafoni a ngozi, ndi zimene imachita za batire. Mayankho akakhala okhutiritsa, nambala ikhale kumeneko, ngakhale mtengo wake utakwererapo pang'ono. Za kunja ndikanazipatula, poti palibe lamulo loti zonse zikhale pa kampani imodzi. Pali timabokosi ta ATA ta mabowo awiri tolola maakaunti awiri, kapena mungaike foni yachiwiri pambali yoimbira achimwene basi, pa akaunti yolipiriratu ya kampani ya SIP. Mukatero, kampani yotchipayo ikakhumudwitsa mumaisintha nambala ya amayi osaikhudza.

Musanasamutse kalikonse, tengani makampani awiri kapena atatu amene atsala pa mndandanda wanu, muikemo ndalama zochepa, muwayese kwa sabata ziwiri waya wakale udakalipo. Pewani mgwirizano wa chaka mpaka mutakhutira. Imbirani achimwene pa tsiku ndi ola limene amayi amawaimbira, muwafunse nambala imene yaoneka kwawo. Auzeni akuimbireninso m'mawa, foni itagona usiku wonse osagwiritsidwa ntchito. Imbirani banki kapena ofesi ina ya makina aja onena kuti dinani 1, muone ngati mabatani akumveka, chifukwa pa njira zina samveka. Zimitsani magetsi dala muone ngati batire ikugwira. Tumizani funso kwa osamalira makasitomala Loweruka madzulo muone kuti ayankha liti, ndipo ayankha munthu kapena makina. Ndipo foniyo muwapatse amayi eni ake ayankhulepo, pakuti makutu awo ndi amene azimvera, ndipo adzakuuzani zimene makina oyezera sangakuuzeni.

Kanthu kena ka tsiku lolumikiza: ngati mukufuna kuti mabowo a foni a m'makoma a nyumba yonse agwire ntchito kuchokera pa kabokosi katsopano, waya wochokera panja uyambe wachotsedwa pamene umalowera m'nyumba. Ukatsala, mphamvu ya laini yakale ingathe kuwononga kabokosiko. Ndipo ngati foni ya amayi ndi ija yozunguza ndi chala, onetsetsani kuti kabokosi kamene mukugula kamamva kaimbidwe kameneko, chifukwa timabokosi tambiri timamva mafoni a mabatani okha.